Mwana akadutsa pa Mwami, bambo asanduka mlendo

Abale athu a ku Malawi, pa nkhani ya ana mumationetsa zakuda ife abambo a kuno ku Chipata.

Mng'ono wanga analekana ndi mkazi wake wa ku Mchinji. Khothi kuno linagamula bwinobwino: mwana azikhala ndi mayi, bambo azipereka chithandizo mwezi ndi mwezi, sukulu akatsekera azimutenga. Mwezi wathawu mlamu wanga uja wangonyamula mwana n'kubwerera kwawo osatsanzika. Mng'ono wanga atalondola, chikalata cha khothi chili m'manja, anapeza amalume a mwanayo atakhala pakhonde. "Akamwini, pepalalo n'la kwanu ku Zambia. Mwanayu ndi mbumba yanga. Mukamufuna muzidzamuonera pompano." Anam'patsa mpando, nsima anadya, koma ngakhale kupita ndi mwana wake pagolosale anamukaniza.

Mayiyu akanasamukira ku Lusaka, mtunda wa makilomita oposa 500, chikalatacho chikanagwirabe ntchito. Mchinji ndi pakhomo pomwepa, munthu amapita m'mawa n'kudzadya nkhomaliro kunyumba, koma kumeneko chigamulo chathu anthu amangochiyang'ana. Akuti mng'ono wanga akayambenso mlandu kukhothi la majisitireti la konko, iye mlendo, ndalama za mayendedwe n'zake. Mu 2022 apulezidenti Hichilema ndi Chakwera anatsegula chipata chatsopano pa Mwami, m'malire a Zambia ndi Malawi, kuti katundu asamachedwe. Simenti ndi chimanga zikudutsa msanga ndithu, koma chigamulo cha mwana chimatsala kuno. Zambia inalowa mu 2014 m'pangano la ku Hague la 1980 lobweza ana otengedwa kupita kunja popanda chilolezo cha kholo linalo. Malawi sinalowemo. Ndiye bambo agwire pati?

Kunena chilungamo, mawu a amalume aja si a ku Malawi kokha. Ku Katete ndi ku Chadiza mukawamva omwewo, poti tonse ndife anthu a Kalonga Gawa Undi, pa Kulamba timakumana ku Mkaika. Kwa Achewa mwana ndi wa kuchikazi, mkamwini ndi wobwera. Angoni a Mpezeni ndiwo amati ukapereka malowolo ana ndi ako, ndipo ku Mzimba nakonso n'chimodzimodzi. Lamulo la ana la ku Malawi la 2010 nalonso limaika patsogolo ubwino wa mwana, monga Children's Code yathu ya 2022. Ndipo tisanamizane, alipo abambo kuno amene amakumbukira kuti ali ndi mwana pokhapokha akamva kuti mayi wapeza mwamuna wina. Amenewo sindikuwaikira kumbuyo.

Komabe ku Katete amalume akauma mutu umakawasumira, samani imawapeza pakhomo, amabwera atavala jekete. A ku Mchinji akudziwa kuti samani ya ku Chipata siwafika, n'chifukwa chake amayankhula motumbwa. Chodabwitsa, ndalama ya chithandizo yokha ndiye saifunsa kuti yachokera dziko liti. Tsiku la malipiro likangokwana, foni ya mng'ono wanga imalira m'mamawa, nambala yoyamba ndi +265.

Ankhoswe a mbali zonse akuti akumana Loweruka likubwerali. Malo asankha ndi eni mbumba, ndiye kuti ifeyo ndi amene tiwolokenso.