Puloti yakwera mtengo, koma msewu wopita kumeneko uli kuti?

Abale anga, tiyeni tikambirane za mapuloti a m'mphepete mwa Lilongwe, chifukwa masiku ano aliyense amene wagwira kandalama akuthamangira ku Njewa, ku Chitipi, kuseri kwa Area 25, ku Lumbadzi kapena njira ya ku Bunda. Mawu ndi amodzi pakamwa pa aliyense: malo sawola, gulani lero, mawa akwera. Ine ndikuti ena mwa malo amenewa akuwola ndithu, ndipo akuwola mitengo yake ikukwera.

Tiyambe ndi anthu. Pa kalembera wa 1977, patangotha zaka ziwiri likulu litasamuka ku Zomba, mzinda wa Lilongwe unali ndi anthu osakwana 100,000. Mu 1998 anali atapitirira 440,000. Mu 2008 anali pafupifupi 674,000, ndipo ndi pomwe Lilongwe inapitirira Blantyre. Mu 2018 anawerengedwa 989,318. Ndiye kuti m'zaka khumi zokha munawonjezeka anthu oposa 300,000. Gawani ndi zaka khumi, mugawenso ndi anthu anayi kapena asanu pa banja, mupeza kuti mzindawu umafuna nyumba zatsopano pafupifupi 7,000 chaka chilichonse. Nyumba 20 pa tsiku, Lamulungu lomwe. Ndipo chiwerengerochi ndi cha okhala mkati mwa malire a khonsolo ya mzinda okha. Amene amagona m'dera la T/A Njewa, Chitukula, Malili kapena Tsabango kunja kwa malirewo, n'kumadzuka m'mamawa kukagwira ntchito ku Kanengo kapena ku Capital Hill, kalembera amawaika kumudzi, ngakhale moyo wawo wonse ndi wa m'tauni.

Kodi Malawi Housing Corporation, khonsolo ndi Unduna wa Malo, onse pamodzi, anagawapo mapuloti 7,000 okhala ndi msewu ndi madzi m'chaka chimodzi? Yankho mukulidziwa. Kale, nthawi ya Capital City Development Corporation, bungwe la boma lomwe linkamanga likululi, ndondomeko inali yakuti saveya apime, giredala ilambule msewu, paipi ifike, kenako munthu apatsidwe puloti. Area 18, Area 47, ngakhale madera a anthu opeza pang'ono monga Area 25, anayamba choncho, n'chifukwa chake mpaka lero mungalondolere mlendo ndi nambala ya sekita ndi nyumba. Amene sanapeze malo m'ndondomekoyo anakadzipezera okha pambali: Mtandire kuseri kwa Area 47, Kauma pafupi ndi Area 12, Mgona pafupi ndi mafakitale a ku Kanengo, Chinsapo njira ya ku Likuni. Chimene chasintha lero n'chakuti omanga mosatsata mapulani si osauka okha ayi. Ndi akuluakulu a m'maofesi, a bizinesi ndi abale athu a ku Joni ndi ku UK, omanga nyumba za matailosi ndi mageti a magetsi, koma kagawidwe ka malo kali chimodzimodzi ndi ka ku Mtandire.

Onani masamu a wogawa malo. Hekitala imodzi ndi masikweya mita 10,000. Puloti yomwe yafala, ya mamita 15 kwa 30, ndi masikweya mita 450. Wogawa moona mtima amasiya gawo limodzi mwa magawo anayi, nthawi zina kuposerapo, kuti likhale la misewu ndi ngalande, ndipo amatsala ndi mapuloti 15 kapena 16. Wadyera amatulutsa 21. Kusiyana kwa mapuloti asanuwo ndi msewu wanu umene wagulitsidwa. Chotsala ndi kanjira ka mamita atatu. Pamene mukugula, malo onse ali pululu, chimanga changokololedwa kumene, galimoto ikudutsa paliponse, ndiye simuona vuto. Dikirani aliyense amange mpanda wake, wina n'kubanso theka la mita. Tipa ya mchenga, yomwe m'lifupi mwake ndi pafupifupi mamita awiri ndi theka, imalephera kukhota pakona, mchenga n'kumatsitsidwa kutali, inu n'kumalipira anyamata a wilibala. Galimoto yopopa zimbudzi siilowa. Ya ozimitsa moto musaitchule n'komwe. A ESCOM akabwera alibe poimika mapolo, a Water Board alibe pokumba, ndipo madzi a mvula, poti alibe ngalande, amasandutsa kanjirako mtsinje kuyambira Disembala mpaka Malichi. Msewu wa m'dera la nyumba wosakwana mamita 10 kapena 12 kuchokera mpanda uwu kufika mpanda uwo sudzakonzekanso, pokhapokha wina agwetseredwe nyumba. Ndani adzavomere?

Pitani mukaime pa imodzi ya nyumba zoterezi mwezi wa Febuluwale. Geti lopentedwa bwino, pamwamba pa mpanda waya wa magetsi, koma kutsogolo kwa getilo matope ofika m'akakolo, matayala akale ndi zidutswa za njerwa zoponyedwa m'chithaphwi kuti ana a sukulu adumphirepo. Mwininyumba wasiya galimoto pa golosale ya kumsewu, akulipira mlonda wa pamenepo, nsapato za ku ofesi zili m'jumbo. Nyumbayo anaimanga ndi ndalama zofanana ndi ya ku Area 47, koma akafuna kuigulitsa kapena kuichititsa lendi ndi pomwe amadziwa kuti wogula amayamba waona njira asanaone matailosi.

Tsono za kukwera mtengo zija. Kumayambiriro kwa 2022 dola imodzi inali pafupifupi K820 ku banki. Mu Meyi chaka chomwecho kwacha inagwetsedwa ndi 25 peresenti, ndipo mu Novembala 2023 inagwetsedwanso ndi 44 peresenti, dola n'kufika pa K1,700. Tiyerekeze kuti munthu anagula puloti pa K5 miliyoni kumayambiriro kwa 2022, kwacha isanagwe, n'kudzaigulitsa pa K9 miliyoni kumayambiriro kwa 2024. Amayenda akudzitama kuti wapindula K4 miliyoni. Koma K5 miliyoni ija inali madola pafupifupi 6,100, pamene K9 miliyoni iyi ndi madola 5,300, pa mtengo wa ku banki umene munthu wamba saupeza n'komwe. Muyezo wosavuta ndi simenti: ndalama munagulira malo ikanagula matumba angati nthawi imeneyo, ndipo imene akukupatsani lero igula angati? Ngati matumba achepa, chimene chakwera ndi manambala chabe. Sindikukana kuti kusunga ndalama m'dothi kuli bwino kuposa kuisiya ku akaunti ikudyedwa ndi kukwera mitengo kwa zinthu. Koma kuteteza ndalama ndi kulemera ndi zinthu ziwiri zosiyana, ndipo ma ejenti amadyera pa kusokoneza ziwirizi.

Malo amene amakweradi mtengo ndi amene chinachake chafikapo. Msewu wa Western Bypass utatsegulidwa, madera oyandikana nawo anasintha nkhope. Bingu National Stadium, yomwe inatsegulidwa mu 2017, ndi Gateway Mall zinakoka anthu mbali ya Area 47 ndi 49. Kukulitsidwa kwa M1 kulowera ku Kanengo kukufupikitsa ulendo wa okhala kumpoto kwa mzinda. Phula, thiransifoma, paipi yaikulu ya madzi, sukulu yabwino: izi ndi zomwe zimakweza malo. Funso lofunsa ejenti si lakuti "pano pakwera liti", koma "thiransifoma yapafupi ili pati, ndipo paipi yathera pati". Mukayende wapansi mukaone nokha, muwerenge mapolo amene adzafunike kuti waya ufike pa puloti yanu, chifukwa mtunda ukatalika ndalama yake imagwera inu.

Madzi ndiye nkhani yowawa. Mzinda wonse umadalira mtsinje wa Lilongwe ndi madamu awiri a Kamuzu ku Malingunde, ndipo mtsinjewo umachokera ku Dzalanyama, nkhalango yomwe tikuimaliza tokha ndi makala komanso nkhuni zootchera njerwa zomangira nyumba zomwezi. Ntchito yokoka madzi ku nyanja kuchokera ku Salima, mtunda woposa makilomita 100, yakhala ikukambidwa kwa zaka zambiri. Podikira, omanga kunja kwa mzinda amakumba chitsime kapena mjigo pa puloti pawo. Malangizo a zaumoyo amati chitsime chitalikirane ndi chimbudzi chokumba mamita osachepera 30. Pa puloti ya 15 kwa 30 mungazitalikitse zanu, chitsime kutsogolo chimbudzi kumbuyo, koma aneba anu a kumanja, a kumanzere ndi a kuseri nawonso ali ndi zimbudzi ndi masokawe awo, ndipo sanakufunseni pokumba. Amene akukumbukira kolera ya 2022 mpaka 2023, yomwe inapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno n'kuchititsa kuti sukulu za mu Lilongwe ndi Blantyre zichedwe kutsegulira mu Januwale 2023, akudziwa kuti izi si nthabwala.

Puloti yotchipa modabwitsa pakati pa zodula kawirikawiri imakhala ya m'dambo. Mu Okutobala dambo limaoneka ngati bwalo la mpira. Yang'anani dothi: likakhala lakuda, lolimba, long'ambika ming'alu yolowa chala, amenewo ndi makande. Amafufuma akamwa madzi, n'kukhwinyata akauma, ndipo fandeshoni wamba ya njerwa imasweka m'zaka zochepa, mng'alu n'kukwera kuchokera pakona ya windo mpaka ku lintala. Kumangapo n'kotheka, koma ndi zitsulo, konkire yambiri ndi dothi lothira lochokera kwina, moti zomwe munapulumutsa pogula zimathera pansi pa nthaka. Za m'mbali mwa mitsinje, Lingadzi inatiphunzitsa kale mu 2017 itasefukira ku Mtandire ndi mbali zina za Area 47 ndi 49. Mtsinje sunasankhe nyumba ya zidina kapena ya matailosi. Ndipo pamene kumtunda kukuchuluka malata ndi mabwalo a simenti, madzi amene kale ankalowa pansi m'minda tsopano amathamangira kumtsinje nthawi imodzi.

Pa mapepala ndi pomwe anthu ophunzira amapusitsidwa ngati ana. Kalata ya amfumu yokhala ndi chidindo si lizi, ndipo banki siilandira ngati chikole. Ngati wogulitsa akuti malo ali ndi lizi, tengani nambala ya puloti mukafufuze nokha ku ofesi ya za malo kuti dzina ndi landani, komanso ngati sanakongolerepo ndalama. Bwerani ndi saveya wanu, osati wa wogulitsa, apeze mabikoni onse anayi, zikhomo za m'makona zosonyeza malire a puloti. Ngati ndi malo a makolo, kumbukirani kuti kuno ndi kwa Achewa: munda umayenda kuchikazi. Bambo amene akukuonetsani malire mwaulemu uja mwina ndi mkamwini chabe, ndipo eni ake ndi akazi a pa mbumbapo ndi malume awo. Akapanda kusaina amenewo, dikirani chisamani cha kukhoti mutafika pa windo levulo. Lamulo la malo a makolo la 2016 linabweretsa makomiti a malo ndi njira yolembetsera, koma m'madera ambiri kugulitsana kukuchitikabe pansi pa mtengo, ndipo puloti imodzi kugulitsidwa kwa anthu atatu si nkhani yachilendo. Inu a kunja otumiza ndalama kwa achibale, chithunzi cha pa WhatsApp cha munthu ataima pa tchire si umboni wa chilichonse.

Amene mukumanga kuti muzidya lendi, werengani kaye. Tiyerekeze nyumba yatha K60 miliyoni, malo ndi kumanga, ndipo lendi ndi K300,000 pa mwezi. Pa chaka ndi K3.6 miliyoni, 6 peresenti, ndipo ndalama yanu idzabwerera patatha zaka pafupifupi 17, osawerengera miyezi imene nyumba ili yopanda munthu, penti, ndi mpope wa mjigo ukapsa. Mu 2024 Reserve Bank inaika chiwongoladzanja chake pa 26 peresenti, mabanki n'kumaonjezera pamenepo. Ngongole ya chiwongoladzanja chotere singabwezedwe ndi lendi ya 6 peresenti, n'chifukwa chake madera atsopanowa adzaza ndi zigoba za nyumba zofika pa lintala, udzu utamera m'zipinda. Naye wobwereka nyumba amawerenga zake. Ngati kuchoka kwanuko n'kukwera kabaza kenako minibasi, maulendo anayi pa tsiku, masiku 22 pa mwezi, ndiye kuti maulendo 88. Pa K2,000 ulendo umodzi, mwachitsanzo, ndi K176,000, ya munthu mmodzi. Ndalama imeneyo amaichotsa pa lendi imene angakupatseni, apo ayi amakapanikizana ku Kawale kapena ku Biwi komwe ntchito ili pafupi.

Za eni minda ogulitsawo timazilambalala dala. Munda wa makolo umapita, pabwera njinga yamoto ya kabaza ndi malata, pakatha zaka ziwiri mwini munda uja ndi mlonda pa geti la nyumba yomangidwa pomwe ankalima mtedza.

Mzinda sungaletsedwe kukula, ndipo walira mvula walira matope. Chomwe ndikupempha khonsolo ya mzinda ndi ya boma la Lilongwe n'chochepa: asadikire ndalama za phula. Apite kumene anthu sanamange, akhale pansi ndi mafumu, apime misewu ikuluikulu, malo a sukulu, msika ndi manda, akhome zikhomo za konkire, giredala idutse kamodzi kuti aliyense aone kuti apa ndi pamsewu. Mtengo wa ntchito imeneyo ndi wochepa kwambiri poyerekeza ndi chipukutamisozi chodzagwetsera mipanda mtsogolo. Ndipo inu amene mwagula kale moyandikana, musanayambe mipanda kumanani, aliyense abweze chingwe chake mita imodzi ndi theka kuchokera kunjira. Kanjira ka mamita atatu kasanduka ka mamita asanu ndi limodzi, puloti yanu ya 15 kwa 30 yataya masikweya mita 22 ndi theka okha mwa 450, ndipo tipa ikhoza kufika pa geti.