Msana wathu ukupindikira pa desiki, ndipo vuto si ulesi

Abale nkhani iyi yandikhala pamtima masabata angapo nde lero ndingoilemba basi. Mwezi watha mnzanga wa mu ofesi anandijambula pa foni ine osadziwa, inali cha m'ma 3 koloko masana, kumapeto kwa mwezi nthawi imene timathamangitsana ndi malipoti a malipiro ija. Atandionetsa chithunzicho ndinakhumudwa kwambiri. Chibwano chatsogola ngati chikufuna kugunda sikirini, mapewa akwera mpaka m'makutu, msana wapindika ngati uta, matako atsetserekera kumapeto kwenikweni kwa mpando. Chonsecho m'mawa wa tsiku lomwelo ndinakhala mowongoka bwinobwino, ndikukumbuka chifukwa khosi linali litandipweteka usiku wonse ndipo ndinadzilonjeza kuti lero ndikhala bwino.

Nde apa mpamene ndimasiyana maganizo ndi anthu amene amangoti "khala mowongoka", ngati kuti munthu amapindika mwadala kapena ndi mphwayi. Ayi ndithu. Kuti msana ukhale chilili pampando pamafunika minofu ya m'mbali mwa fupa la msana ndi ya m'khosi izigwira ntchito osapuma, ndipo minofu imatopa ngati mmene dzanja limatopera ukanyamula jumbo ya shuga nthawi yaitali ngakhale ili yopepuka. Ikatopa thupi limafuna potsamira, limangodzisiya kulendewera pa mitsempha yomanga mafupa ija, apo mutu wako uli pa manambala a mu Excel sukumva nkomwe kuti watsika. Umadzazindikira pamene pakati pa mapewa payamba kutentha ngati wina wayikapo khala la moto.

Chinanso chimene anthu sitimachiganizira ndi maso. Thupi limatsatira maso. Zilembo zikachepa kapena kuwala kwa pawindo kukamenya sikirini, mutu umasendera kutsogolo wokha, mutu ukapita khosi limatsatira, kenako mapewa, kenako msana wonse. Laputopu nde imaonjeza vuto chifukwa sikirini ndi kiyibodi ndi zolumikizana, ukayiika poti manja alembe bwino sikirini imakhala pansi uzizyolika, ukayikweza kuti ifanane ndi maso manja amakwera m'mwamba. Palibe mmene ungakhalire bwino ndi laputopu yokha maola 8, anaipanga kuti izinyamulika, osati kuti munthu aziswera nayo tsiku ndi tsiku.

Mutu wa munthu wamkulu umalemera makilogalamu pafupifupi 5. Dokotala wina wa misana wa ku New York, Kenneth Hansraj, anawerengetsera mu 2014 kuti ukauweramitsa pang'ono chabe, madigiri 15, khosi limamva ngati lasenza makilogalamu 12, ukazyolika kwambiri kufika madigiri 60 ngati mmene timachitira pa foni limamva makilogalamu 27. Ine nditaona nambala imeneyi ndinakumbuka mayi anga akuchokera ku mjigo ndi ndowa ya malita 20 pamutu, amenewo ndi makilogalamu 20 a madzi okhaokha. Amayika nkhata, ndowa pakati penipeni pa mutu, khosi njo, chibwano cholowa mkati, kuyenda mwakachetechete madzi osatayika. Sindikunena kuti kusenza madzi nkwabwino, amayi osenza madzi nawonso kumawapweteka ndipo ambiri akudandaula makosi ku ukalamba, koma katundu wawo amakhala pamwamba pa msana molunjika ndipo akafika pakhomo amatula. Ife katundu wathu walendewera kutsogolo ndipo sititula mpaka 5 koloko.

Kumunsi nakonso zinthu zimasintha. Ukakhala pansi nthawi yaitali minofu yakutsogolo kwa chiuno imakhala yofupika, ya m'matako imangogona osagwira ntchito, ya pachifuwa imakokera mapewa kutsogolo, nchifukwa chake ukadzuka pampando masitepe oyamba umayenda chowerama utagwira m'chiuno. Pakati pa mafupa a msana palinso tizinthu tofewa tokhala ngati mapilo, madokotala amati ma disc, ndipo dokotala wina wa mafupa wa ku Sweden, Alf Nachemson, anayeza kalekale nkupeza kuti timapanikizika kwambiri munthu akakhala pansi chowerama kusiyana ndi akaimirira. Thupi limazolowera chimene umalipatsa tsiku lililonse, kupindika kuja kumafika pomveka ngati ndi kabwinobwino, kuwongoka nkumamveka ngati chilango.

Ndipo tisamawerenge maola a mu ofesi okha. Ukaweruka umakwera minibasi, mwapanikizana pa mzere umodzi mawondo agunda mpando wakutsogolo chikwama pamiyendo foni m'manja, mumzere wa magalimoto wochokera ku City Centre kupita ku Area 25 kapena Kawale, ukafika kunyumba pa sofa WhatsApp, pabedi Facebook mutu uli pa mapilo awiri. Nanga msanawo uwongoka nthawi yanji? Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linanena kuti mu 2020 anthu 619 miliyoni padziko lonse anali ndi ululu wa m'munsi mwa msana. Ife kuno timangomeza Panado kapena brufen nkubwerera pampando womwewo.

Chimene chimandipweteka mtima kwambiri ndi khalidwe la m'maofesi mwathu. Munthu ukaimirira kudziwongola kapena kuyenda pang'ono pakhonde amakuyang'ana ngati ukuzemba ntchito, wakhama ndi amene wamatirira pampando kuyambira m'mawa mpaka kudya nkhomaliro pa desiki pomwepo. Mpando wabwino wa matayala uli mu ofesi ya abwana amene amakhalira misonkhano kunja, mtsikana wolowetsa data tsiku lonse ali pa mpando wapulasitiki wa pa ukwati, mapazi osafika bwino pansi. Izi sizoona abale. Komanso ndinene, mpando wodula pawokha sungachize munthu, ukhoza kupindika pa mpando wa ndalama zambiri chimodzimodzi ngati sukudzukapo.

Ine zimene ndasintha nzazing'ono. Ndinaika mabandulo awiri a mapepala a printer pansi pa laputopu kuti pamwamba pa sikirini pafanane ndi maso, ndinagula kiyibodi ndi mausi yapadera mu tawuni, ndinakulitsa zilembo, ndimapinda chitenje nkuchiika kumunsi kwa msana. Botolo lalikulu la madzi ndinalisiya, pano ndimagwiritsa kapu yaing'ono dala kuti ndizidzuka pafupipafupi kukatunga, foni ikaitana ndimayankha chiimirire. Ndimapindikabe, makamaka madzulo, koma sindikhalitsa chopindika ngati kale ndipo moto wa pakati pa mapewa uja wachepa. Koma amene mukumva dzanzi kutsikira m'mwendo kapena m'dzanja, mwendo kufooka, kapena mkodzo kuyamba kuvuta kuugwira, izo si za mapepala ndi chitenje ayi, pitani kuchipatala msanga.

Lolemba tili ndi msonkhano wa ogwira ntchito tonse ndipo nkhani ya mpando wa mtsikana uja ndikayidzutsa, chithunzi changa chija ndikawaonetsa onse.