Musamati Shiwa Ng'andu ikanangogwa

Ndilembe ndisanazizire mtima. Lero pa nkhomaliro mnzathu wina kuntchito amationetsa zithunzi za Shiwa Ng'andu, chinyumba cha njerwa zofiira chija chili pakati pa Mpika ndi Chinsali ku Zambia. Kamnyamata kena kongotuluka kumene ku koleji nkuti, "Za atsamunda izo, akanangoisiya igwe." Ena nkumaseka. Igwe? Iwe unaumbako njerwa ngakhale imodzi chibadwire?

Inde, mwini wake anali mzungu, Stewart Gore-Browne, msilikali wa ku Britain amene anagula malowo mu 1914 pa masheleni awiri ekala imodzi, nkudzayamba kumanga atabwerako ku nkhondo mu 1920. Palibe akutsutsa zimenezo. Koma kodi ndi iyeyo anaponda dothi? Ndi iyeyo anagona pa uvuni usiku kusonkhezera moto? Nthawi imeneyo njanji inali kutali makilomita oposa 600, msewu weniweni kunalibe. Njerwa anaumba pomwepo. Matailosi a denga anaotcha pomwepo. Matabwa anacheka m'nkhalango yomweyo. Zimene sakanatha kupanga pamalopo zinabwera pamitu ya anthu ndi pa ngolo za ng'ombe. Anthu ake anali Abemba a m'midzi yozungulira, mazanamazana, ndipo panafika 1932 nyumba yaikuluyo isanathe bwinobwino. Mutu umodzi susenza denga, abale anga. Denga la ku Shiwa analisenza ndi anthu akuda.

Ndiye ukamati igwe ukuti igwe ntchito ya ndani? Bwanayo anamwalira kalekale, sangamve kuwawa khoma likagumuka. Chimene chingagwe ndi thukuta la agogo a anthu amene mpaka lero akukhala m'midzi yomweyo. Munthu amene sanapiteko kusukulu, sanaonepo nyumba yosanja, anaphunzira kuyala njerwa mpaka kukwera nsanja, nkumanga makoma amene apirira dzinja lililonse kwa zaka pafupifupi 100. Ife lero nyumba ya simenti ikung'aluka mwini asanamalize kubweza ngongole.

Ndipo musaganize kuti ndikumuyeretsa Gore-Browne. Anali waukali, anthu ankamutcha Chipembele, ndipo antchito ankalawa ndodo yake. Nchifukwa chake mawu a mnyamatayu andiwawa kwambiri. Anthu anamenyedwa akumanga, ndiye iwe ukufuna chimene anamangacho chifafanizike ngati sanakhaleko. Kumeneko nkuwamenya kawiri.

Kenneth Kaunda, pulezidenti woyamba wa Zambia, ankawadziwa atsamunda kuposa iwe ndi ine, analawa ndende yawo. Koma Gore-Browne atamwalira mu 1967, boma la Kaunda linamuika m'manda ndi ulemu wa boma, Kaunda mwini wake nkulankhula pamaliropo, poti mkuluyu anaima ndi anthu akuda pomenyera ufulu. Kaunda sanatumizeko anthu okagwetsa nyumbayo. Nanga iwe wobadwa dzulodzuloli ukali wakowo wautenga kuti?

Komanso kugwa kumene ukufunako kunatsala pang'ono kuchitika. Famuyo sinkapindula kwenikweni, mitengo ya zipatso imene ankayengako mafuta onunkhira inafa ndi matenda, ndipo mwana wamkazi wa Gore-Browne ndi mwamuna wake ataphedwa mu 1992 nyumbayo inasowa woisamala. Denga linayamba kudontha, zinthu nkumawola m'kati. Kodi panali m'mudzi ngakhale umodzi umene unalemera chifukwa denga likudontha? Ndani anakhuta? Mdzukulu wa Gore-Browne ndiye anadzaikonzanso, ndipo lero alendo amapita kukagona komweko, anthu a m'deralo nkumapezako ntchito. Ikanagwa bwenzi pali chulu cha njerwa ndi mileme basi, ndipo mwana wa ku Shiwa akanafunsa kuti agogo ankadziwa kupanga chiyani, bwenzi mukumulozera tchire.

Mtima umenewu wa "si zathu izi" ndi womwewo umatichititsa kuzula mafelemu a mawindo pa nyumba yakale ikangotsala yopanda mlonda, kusasula malata usiku, kugumula khoma kuti tikamangire khola la nkhumba. Tikamaliza timati boma silisamala mbiri yathu.

China chimandinyansa, ndipo ichi ndikuloza olemba. Werengani za nyumbayi, mupeza za bwana, za azakhali ake a ku England amene ankamutumizira ndalama, za makalata amene ankalemberana, za mkazi wake, mpaka za galu wa Livingstone amene anafera cha kumeneko mu 1867. Galu ali ndi dzina m'mabuku! Nanga amene anaumba njerwa zija? Amene anakhoma denga? Onsewo angowaunjika m'mawu amodzi, "antchito". Ngati mnyamata iwe uli ndi mkwiyo weniweni, kwera basi ya ku Mpika, ukakhale pansi ndi nkhalamba za kumeneko, ukalembe maina a amisiriwo zisanathe kumwalira.