Ndalama za Social Security za olumala ku America zinavomerezedwa mu 1956

Alembi, mwati Social Security, ndondomeko ya boma la America yopereka ndalama kwa opuma pantchito, inkasamalira ogwira ntchito olumala kuyambira 1935, koma lamulo la chaka chimenecho silinawakhazikitsire ndalama za ulumali. Ndalama za ulumali zinavomerezedwa mu 1956, nthawi ya Pulezidenti Eisenhower, ndipo ogwira ntchito amene ankalandira ndi a zaka 50 mpaka 64 okha, atadikira miyezi 6. Malire a zaka 50 anachotsedwa mu 1960, ndipo mu 1972 kudikirako kunatsika kufika miyezi 5.

Pomwe ambiri amakodwa mpaka lero ndi apa: kuti alandire ndalamazi, wa zaka 31 kupita m'mwamba ayenera kukhala atagwira ntchito yodulidwa msonkho wa Social Security zaka 5 mwa zaka 10 zomaliza asanalumale. Amene anakhalitsa pakhomo kenako n'kudwala amakanidwa, ngakhale kale ankasonkha mokhulupirika.