Mphoto ikaperekedwa, buku limapita kuti?

Ku Old Town mu Lilongwe, kufupi ndi depoti ya mabasi, kuli bambo wina amene amayala mabuku akale pa chiguduli, ena atawatsamiritsa pa njerwa kuti asauluke ndi mphepo. Loweruka lapitali ndinanjuta pamenepo nthawi yaitali ndikusanthula. Ndinapeza Nervous Conditions la Tsitsi Dangarembga wa ku Zimbabwe, chikuto chitathothoka, m'kati muli chidindo cha sukulu chofufutika. Ndinafunsa kuti, "Bambo, buku la mlembi wa kuno amene anapatapo mphoto muli nalo?" Anapukusa mutu. "Achimwene, a kuno amene amayenda ndi a pa silabasi okha. Enawo timangowamvera pa wailesi."

Mawu amenewa andikhala pamtima sabata yonse, chifukwa alembi opata mphoto tili nawo. Stanley Onjezani Kenani anafika m'gulu la omaliza pa mphoto ya Caine, ya nkhani zifupizifupi za alembi a mu Africa, kawiri, mu 2008 ndi mu 2012. Shadreck Chikoti, wa mumzinda uno, anapata mphoto ya Peer Gynt mu 2013 ndi buku lake Azotus the Kingdom. Bungwe la alembi la MAWU kwa zaka zambiri linkachititsa mpikisano wa nkhani zifupizifupi mothandizidwa ndi banki ya First Merchant, ndipo achinyamata ambiri analimba mtima kugwira cholembera chifukwa cha mpikisano umenewo. Luso lilipo. Koma tikatha kuomba m'manja ndi kujambulitsa atanyamula cheke chachikulu chija, nkhaniyo imathera pomwepo.

Izi ndinaziona ndekha. Zaka zapitazo ndinalowa nawo mpikisano wina waung'ono, wosiyana ndi umene ndatchulawu, ndipo ndinakhala wachiwiri. Ndalama zake ndinagula matumba awiri a feteleza n'kutumiza kwa mayi kumudzi. Anatilonjeza kuti nkhani zopambana zituluka m'buku limodzi, koma bukulo silinatuluke mpaka lero. Nkhani yanga inasindikizidwa kamodzi m'nyuzipepala, ndipo patatha milungu ingapo mwana wa mlongo wanga anabwera ndi zitumbuwa atazikulunga m'tsamba lomwelo, dzina langa litanyowa mafuta. Zinandipweteka, chifukwa ndinaigwirira ntchito miyezi itatu, usiku ndi usiku, ana atagona.

Tiyang'ane kwa anzathu. Zambia ndi imene tikufanana nayo kwambiri. Namwali Serpell anapata mphoto ya Caine mu 2015 ndipo anachita chinthu chimene sindidzaiwala: mapaundi 10,000 aja anagawana ndi anzake amene anafika nawo kumapeto, posonyeza kuti kulemba si mpira woti wina agonje. Mu 2020 buku lake The Old Drift linapatanso mphoto ya Arthur C. Clarke. Ellen Banda-Aaku anapata mphoto ya Penguin mu 2010, Mbozi Haimbe anatsogola mu Africa pa mpikisano wa nkhani zazifupi wa Commonwealth mu 2019. Mayina ndi olemera ndithu, koma onani kumene mphotozo zikuchokera: London, Johannesburg. Oweruza ali kunja, osindikiza ali kunja, owerenga ambirinso ali kunja. Kwawo ali ndi mphoto za Ngoma komanso mpikisano wa Kalemba, koma mlimi wa ku Katete amene amalankhula chinenero chathu chomwechi sanapindulepo kanthu. Njira ya Zambia ndi yathu yomwe, kungoti iwo ayenda nayo patali.

Zimbabwe ndi nkhani ina. Dambudzo Marechera anapata mphoto ya Guardian mu 1979. Chenjerai Hove anapata ya Noma mu 1989, Charles Mungoshi mu 1992. Brian Chikwava anapata ya Caine mu 2004, NoViolet Bulawayo mu 2011, ndipo mayi ameneyu wafika kumapeto kwa mphoto ya Booker kawiri, mu 2013 ndi mu 2022. Anthu amakonda kunena kuti a ku Zimbabwe anabadwa ndi luso. Ine sindivomereza. Iwo anamanga nkhokwe asanakolole. Ku Harare kunali chionetsero cha mabuku kuyambira 1983, chimene chinkakoka osindikiza a m'mayiko ambiri, ndipo kunali osindikiza a konko monga Weaver Press amene ankakhala pansi ndi mlembi kukonza nkhani mzere ndi mzere. Mphoto zambiri zinabwera pambuyo, zitapeza mabuku ali kale m'manja mwa anthu. N'chifukwa chake buku la Dangarembga, limene linapata mphoto ya Commonwealth ya chigawo cha Africa mu 1989, lafika mpaka pa chiguduli cha ku Old Town.

Ku Mozambique, amene atizungulira mbali zitatu, timawadziwa pang'ono chifukwa amalemba m'Chipwitikizi. Komatu atatu a iwo anapata mphoto ya Camões, yaikulu kuposa zonse m'chinenero chimenecho: José Craveirinha mu 1991, Mia Couto mu 2013, ndi Paulina Chiziane mu 2021, mayi woyamba wa mu Africa kuipata. Chimene ndimasirira ndi chakuti mphoto yawo ya m'dziko, yotchedwa dzina la Craveirinha, imathandizidwa ndi kampani ya magetsi ya Cahora Bassa. Madzi a Zambezi akudyetsa alembi.

Koma kumene mtima wanga wakhazikika ndi ku Tanzania. Abdulrazak Gurnah, wobadwira ku Zanzibar, atapata mphoto ya Nobel mu 2021, anthu ambiri kwawo anali asanamuwerengepo, popeza amalemba m'Chingerezi ndipo wakhala ku England zaka zambiri. A ku Tanzania sanangonyadira n'kugona. Osindikiza a Mkuki na Nyota ku Dar es Salaam anatulutsa buku lake Paradise m'Chiswahili, pa dzina loti Peponi. Kuonjezera apo, kuyambira 2014 kuli mphoto ya zolemba za m'Chiswahili imene inayamba ndi dzina la Mabati-Cornell. Mabati ndi malata, abale anga, malata ofolerera nyumba omwewa. Kampani yopanga malata inaona kuti n'koyenera kuika ndalama pa ndakatulo ndi nkhani za m'chinenero cha makasitomala ake. Mlembi amatumiza zolemba zosasindikiza, ndipo opambana amawapezera osindikiza. Boma lawo nalo linayambitsa mphoto ya Mwalimu Nyerere, imene inaperekedwa koyamba mu 2023, ya zolemba za m'Chiswahili, ndi cholinga choti mabuku opambana asindikizidwe n'kugawidwa m'sukulu. Apa mphoto ndi chiyambi cha ulendo wa buku. Mwana wa ku Mbeya adzaligwira m'manja.

Sindikunyoza mphoto za kunja. Jack Mapanje atamangidwa mu 1987 n'kutsekeredwa ku Mikuyu popanda mlandu mpaka 1991, buku lake Of Chameleons and Gods litachotsedwa m'masitolo, mphoto imene anapatsidwa ku Rotterdam mu 1988 inathandiza kuti dziko lapansi lisamuiwale. Nthawi imeneyo mphoto ya kunja inali chishango. Koma lero palibe amene akuchotsa mabuku m'masitolo. Mabukuwo ndi amene kulibe. Ndipo mnyamata wa ku Kawale akadziwa kuti mphoto yokhayo yooneka ili ku London, amayamba kulembera oweruza a ku London. Amafotokoza nsima ngati akuuza mlendo, amamasulira mawu oti ankhoswe, amasankha nkhani za njala ndi matenda poganiza kuti ndizo zimagulidwa. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ngwa mphepo.

Chimene chimandiwawa kwambiri n'chakuti njira ya Tanzania ifeyo tinaiyamba kale. Samuel Josia Ntara, mphunzitsi wa ku Nkhoma, m'boma lomwe lino la Lilongwe, analemba Nthondo m'Chichewa n'kupambana pa mpikisano wa bungwe la ku London loona za zinenero za mu Africa. Bukulo linatuluka mu 1933, ndipo chaka chotsatira T. Cullen Young analimasulira m'Chingerezi pa dzina loti Man of Africa. Taonani dongosolo lake: Chichewa patsogolo, Chingerezi pambuyo. Mphotoyo inachokera kunja, inde, koma bukulo linabwerera kwa eni ake, ndipo agogo athu analiwerenga m'makalasi. Patha zaka zoposa 90, ndipo mlembi wa Chichewa lero amaonedwa ngati amene Chingerezi chinamukanika.

Chichewa sichithera pa Mchinji kapena pa Dedza. Mukaoloka pa Mwami kupita ku Chipata, mumagula mtedza m'chinenero chomwechi. Mukalowa ku Angónia, mumapatsana moni chimodzimodzi. Ku Lusaka ndicho chinenero cha m'minibasi. Owerenga alipo mamiliyoni m'mayiko atatu, koma mphoto yolimba yowalumikiza, yonga ya anzathu a Chiswahili, sindinaionepo.

Makampani a simenti, a shuga, a mafoni ndi mabanki amathira ndalama zambiri ku mpira ndi ku ntchemberembaye, ndipo sindikudandaula nazo. Ndikungopempha kuti imodzi mwa izo itenge chitsanzo cha a malata aja. Ndikanakhala pa tebulo lokonza mphoto yotere, cheke ndikanachichepetsa. Ndalama zambiri zikanapita kwa mkonzi wokhala pansi ndi mlembi, kwa wosindikiza, ndi ku galimoto yonyamula mabuku. Ndikanalemba m'pangano kuti mwambo wopereka mphoto usachitike buku lisanatuluke, kuti wopambanayo adzanyamule buku lake pamaso pa anthu. Ndipo makatoni oyamba akanapita ku malaibulale ndi kusukulu za ku Nkhoma, ku Chipata ndi ku Ulongwe, lina n'kutsalira bambo a ku depoti aja.