Amene ankaulutsa makalata kumpoto kuja sanali zitsiru

Ndakwiya, ndipo sindibisa. Dzulo munthu wamkulu ndithu, wopita kusukulu, waona chithunzi cha Wop May, woyendetsa ndege wa ku Canada amene kalelo ankaulutsa makalata kumpoto kwa dzikolo, ataima pambali pa kandege kake, n'kunena mopanda manyazi kuti kuika moyo pachiswe chifukwa cha makalata chinali chitsiru chabe. Chitsiru ndani? Abale inu, ukakwera pamsana pa njovu usamati pansi palibe mame.

Inuyo muli ndi WhatsApp m'thumba. M'madera ambiri a kumpoto kwa Canada ndi Alaska kalelo munalibe msewu, munalibe njanji. Kalata inkayenda pangolo yokokedwa ndi agalu, masabata ali m'njira. Mu February 1924, woyendetsa ndege wina, Carl Ben Eielson, ananyamula thumba la makalata pandege ku Fairbanks, ku Alaska, n'kukalitula ku McGrath patangopita maola ochepa. Ameneyo mukumutcha chitsiru?

Nanga May mukumunyozayo? Mu January 1929 iye ndi mnzake Vic Horner ananyamuka ku Edmonton pa kandege ka Avro Avian, kopanda denga, mphepo yozizira ikuwamenya kumaso, kukapereka mankhwala a diphtheria, matenda opatsirana a pakhosi, ku Fort Vermilion. Chaka chomwecho mu December May anakafikitsa makalata ku Aklavik, kufupi ndi nyanja ya Arctic. Wailesi analibe. Mapu anali osadalirika, kampasi nayo imasokonekera kumpoto koteroko. Ankangotsata mtsinje ndi maso, n'kutera pa madzi oundana.

Inde ankalipidwa, makampani ankalimbirana makontrakiti a boma, nanga ndani amagwira ntchito yaulere? Koma m'thumba lija munali uthenga wa maliro, malipiro a wogwira ntchito kumgodi, mawu a mayi kwa mwana wake amene sanamuone chaka chathunthu. Munthu wonyamula zimenezo si chitsiru. Sanali openga, sanali ofuna kutchuka. Anali anthu odziwa kuti kutsogoloko wina akudikira. Eielson anafera ku Siberia mu 1929 akupita kukathandiza sitima yotsekeredwa m'madzi oundana, inu lero mukumuseka muli khale pampando.

China chondinyansa, amakaniko satchulidwa n'komwe. Madzulo alionse ankakhetsa oyilo yense mu injini kuti asaundane, m'mawa kusanache n'kumutenthetsa pamoto, kuphimba injini ndi lona, kuyatsa moto pansi pake, zala zitachita dzanzi. Popanda iwo ndege sikanadzuka. Koma pachithunzi mupeza woyendetsa yekha, dzina la makaniko osalembapo!