Ana inu, nyanja sidziwa kuwerenga satifiketi

Ndakhala ndikungoyang'ana, koma zomwe ndikuona ku Cape Maclear ndi ku Nkhata Bay masiku ano zandikwana. Ana athu ayamba kukonda scuba, kulowa pansi pa nyanja thanki ya mpweya ili kumsana. Zimenezo zimandikondweretsa ndithu, chifukwa kwa zaka zambiri mbuna za kuchilumba cha Thumbi ankazionera pafupi ndi alendo okhaokha, eni nyanjafe tikungowapalasira bwato. Chondiwawa ndi phuma lomwe mukubwera nalo.

Mwana afika Lachisanu madzulo, akufuna Lamlungu abwerere ku Lilongwe khadi ya satifiketi ili m'thumba, chithunzi chili kale pa Facebook. Mphunzitsi akati maphunziro ndi a masiku atatu kapena anayi, iye ayamba kunenerera ngati akugula tomato ku Lizulu. Kodi mukunenerera chiyani? Maphunziro oyamba a PADI, bungwe lopereka masatifiketi a scuba, aja a Open Water, ali ndi ndondomeko yake: kuwerenga ndi kulemba mayeso, magawo asanu ophunzirira pamadzi osaya ndi odekha, kenako kulowa kanayi m'nyanja yeniyeni. Muyeneranso kusambira mamita 200 osapumira ndi kuyandama mphindi 10. Mukapambana, malire anu ndi mamita 18 basi. Ndipo inu amene anakulowetsani tsiku limodzi mphunzitsi atakugwirani padzanja, chija amati Discover Scuba, musamadzitche odziwa. Kumeneko kunali kulawa chabe, satifiketi mulibe.

Pali fomu ya zaumoyo imene amakupatsani musanayambe. Ndaona ndi maso angawa anyamata akungochonga "ayi, ayi, ayi" kuyambira pamwamba mpaka pansi osawerenga, akuseka. Wina ali ndi mphumu, wina amagwa khunyu, wina amamwa mankhwala a mtima kapena a shuga, koma abisa poopa kuti amutumiza kwa dokotala. Mukunamiza yani? Mphunzitsi mukhoza kumupusitsa, koma mphumu ikakugwirani muli mamita 15 pansi, simungalavule regulator, chipangizo chopumira cha m'kamwa chija, kuti mupume bwino. Ngakhale chimfine chenichenichi n'chokwanira kuti tsiku limenelo mukhale pamtunda, chifukwa mphuno zikatsekeka makutu amakana kutseguka potsika, ndipo mukakakamiza mudzaboola khutu. Amayi oyembekezera asalowe n'komwe. Za matsire ndinene chiyani? Munthu wachezera mowa usiku wonse, m'mawa akupempha thanki, thupi lilibe madzi, mutu ukuzungulira.

Tsopano mvetserani bwino apa, chifukwa ndi pamene pagona moyo. Mukatsika mamita 10, madzi amakupanikizani kuwirikiza kawiri poyerekeza ndi pamtunda. Mpweya umene mwakoka pansipo ndi wofinyika, ndipo mukamakwera umafufuma. Mukadzaza mapapo pamamita 10 n'kukwera mutatseka kukhosi, mpweyawo umafuna malo owirikiza kawiri, pamene mapapo alibe kotanukira. Amang'ambika. Izi sizilira kuya kwambiri ayi, ngakhale pamamita awiri okha zikhoza kuchitika. Ife tinakulira kunyanja timavutika kwambiri ndi lamulo loti osabanika uli ndi thanki, poti kuyambira ubwana tinazolowera kubanika tikamalowa pansi kukakola ukonde. Ndi thanki, chizolowezi chomwecho chimapha. N'chifukwa chake mphunzitsi amakuvulitsani masiki pansi pa madzi kangapo konse, amakuchotsetsani regulator m'kamwa kuti muifunefune uku mukutulutsa timathovu. Si nkhanza. Akufuna kuti tsiku lomwe madzi adzakulowani m'mphuno, mantha asadzakuthamangitsireni pamwamba. Inu mukamati gawo limenelo tilidumphe chifukwa ndi lowawa, mukudumpha chenicheni chimene munalipirira.

Chinanso ndi naitrojeni. M'thankimo muli mpweya wamba womwe tikupumawu, umene uli ndi naitrojeni wambiri, osati oksijeni yekha monga ena amanenera. Mukakhala pansi, naitrojeni amalowerera m'magazi ndi m'minofu, ndipo amafuna nthawi kuti atuluke pang'onopang'ono. Mukakwera mothamanga amachita thovu m'thupi ngati botolo la Fanta lotsegulidwa mwadzidzidzi. Ndiye musapitirire mamita 18 pa mphindi imodzi pokwera, ndipo pamamita 5 imani mphindi zitatu. Geji yoonetsa mpweya wotsala m'thanki ikamayandikira 50 bar, ulendo watha, kaya mwaona kampango wamkulu bwanji.

Pali chimodzi chimene ambiri amachiiwala, chokhudza nyanja yathu ino. Nyanja ya Malawi ili pamtunda wopitirira mamita 450 kuchokera pamlingo wa nyanja zamchere, ndipo malo alionse opitirira mamita 300 amafuna kuwerengera kwina kwa kuya ndi nthawi yokhala pansi. Kompyuta ya padzanja, imene imawerengera kuya ndi nthawiyo, iyenera kudziwa zimenezo. Koma choopsa chili pamsewu. Lamulo loti musakwere ndege mpaka patapita maola 12 mutalowa kamodzi, kapena maola 18 mutalowa kangapo, aliyense amaliloweza pamtima pokalemba mayeso. Kenako munthu yemweyo atuluka m'madzi masana, aumitsa thupi, alowa m'galimoto n'kukwera mapiri a Golomoti kupita ku Dedza, kumtunda kopitirira mamita 1,500. Wina achoka ku Nkhata Bay, pakangotha ola limodzi ali ku Mzuzu. Thupi silisiyanitsa ndege ndi minibasi, limangomva kuti mpweya wapepuka. Funsani mphunzitsi wanu za ulendo wobwerera musanalowe m'madzi tsiku lomaliza, ndipo ngati n'kotheka gonani kunyanja usiku umodzi. Safunsa anadya phula.

Nanu eni mashopu ndisakusiyeni. Ambiri mumagwira ntchito yanu mokhulupirika, ndikudziwa. Koma amene mumasainira mwana khadi asanathe kutulutsa madzi m'masiki, chifukwa choti walipira ndipo akufulumira, dziwani kuti khadi imeneyo adzapita nayo ku Zanzibar kapena ku Sodwana Bay ya ku South Africa, kumene kuli mafunde ndi mikokomo ya madzi, ndipo kumeneko adzamukhulupirira chifukwa cha siginecha yanu. Mwana wanga, usachite manyazi kufunsa nambala ya mphunzitsi, kuona tsiku limene thanki inayesedwa komaliza, ndi kununkhiza mpweya usanauike m'kamwa. Ukamva fungo la utsi kapena la oyilo, ikane thankiyo. Mwera ukakula, mphunzitsi n'kunena kuti lero sitilowa, usamukwiyire. Ndipo khadi ikabwera, isakupatse mtima wolowa wekha wopanda mnzako woyang'anirana naye.

Mukatuluka m'madzi n'kuyamba kumva kuphwanya m'mapewa kapena m'zigongono, dzanzi m'manja ndi m'miyendo, chizungulire, kutopa kosadziwika bwino, musati ndi malungo, ndimwe panado ndigone. Musabwererenso m'madzi poganiza kuti zikatha. Uzani mphunzitsi nthawi yomweyo akuikeni pa oksijeni, ndipo kuchipatala mukanene poyambirira kuti munali pansi pa nyanja ndi thanki, mamita angati, mphindi zingati, ndi nthawi imene munatuluka.